Nkhani za sukulu zisamatipeze kudzera pakamwa pa mwana pokha

Akonzi,

Zikomo pondipatsa danga m'nyuzi yanu. Ndine mayi wa ana anayi, awiri akadali ku pulayimale, ndipo chino n'chaka chachitatu anthu akwathu atandisankha kukhala m'komiti yoyendetsa sukulu. Sukulu ine ndidalekezera Folomu 2, koma kuwerenga ndimatha, ndipo akulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndalemba chifukwa cha momwe nkhani zochokera ku ofesi ya maphunziro ya paboma zimatifikira ife makolo akumudzi.

Mu February, teremu yachiwiri ili mkati, mphunzitsi wa Sitandade 8 pasukulu pathu adasamutsidwa. Ife tidadziwa titaona kalole kataima pakhomo pake, anyamata akukweza mipando ndi matumba a chimanga. Tidathamangira kwa ahedi. Iwo adatulutsa kalata ija m'kabati n'kutionetsa, ndipo deti lake lidaonetsa kuti idalembedwa masabata atatu m'mbuyomo, koma idawapeza dzana lake. Ana opitirira makumi asanu ndi limodzi adakhala masabata asanu opanda mphunzitsi wawowawo mayeso ali pafupi, aphunzitsi ena akumangowalowera apo ndi apo akapeza mpata. Kusamutsa mphunzitsi si mlandu. Mwina komwe adapitako kudali kusowa koposa kwathu. Koma tikadamva msanga tikadakhala pansi ndi ahedi ndi mafumu, tikadapempha bambo wina wopuma pantchito yauphunzitsi wa m'mudzi woyandikana nafe kuti agwirizize, monga tidachitira pambuyo pake nthawi itatha kale.

Taonani njira yomwe uthenga umayenda. Umachoka ku unduna ku Capital Hill, kupita ku divishoni, poti dziko lino lili ndi madivishoni a maphunziro asanu ndi limodzi. Kuchoka apo umafika ku ofesi ya paboma, ija tidazolowera kuitchula kuti kwa a DEM. Kenako a PEA, alangizi oyang'anira sukulu za pulayimale m'zoni, amautengera ku TDC, malo okumanira aphunzitsi a zoni yawo, ahedi n'kukautenga kumeneko kapena kuulandira pafoni. Ahedi amaulengeza pa asembule m'mawa, ana ataima padzuwa, ena akukankhana, ena m'maganizo muli phala. Ndiye mwana wa Sitandade 2 ndi amene amasenza uthenga wochokera ku Lilongwe kudzaupereka kwa amake ali pamtondo. Afika n'kunena kuti, "Aphunzitsi akuti mawa mubwere." Kukatani? Sakudziwa. Nthawi yanji? Waiwala. Mayi uja ayeza m'mutu mwake, aganiza kuti ndi za ndalama basi, atenga khasu ulendo kumunda. Mawa lake aphunzitsi adandaula kuti makolo a kuno sakonda sukulu.

Mayi ameneyu sindingamudzudzule kwambiri, chifukwa pa zaka zonse zomwe ndakhala kholo, uthenga womwe umafika msanga ndi wosasochera ndi wa chopereka. Ya mlonda, ya malipoti, ya mayeso oyeserera, njerwa, mchenga, nkhuni zophikira phala: izi mwana saiwala, poti amadziwa kuti akapita chimanjamanja zimuvuta. Koma zoti boma latumiza mabuku angati, zoti sukulu yathu yapatsidwa aphunzitsi angati chaka chino, zoti pa mayeso apitawa zoni yathu idakhoza bwanji poyerekeza ndi mazoni ena, zimenezi timazimva mwamphekesera, pamaliro kapena pachigayo.

Pomwe pandiwawa kwambiri ndi pa ndalama zomwe boma limatumiza kusukulu iliyonse ya pulayimale, zija timati za SIG. Ndalamazi cholinga chake n'chabwino zedi. Makolo, aphunzitsi, mafumu ndi amayi a mother group amayenera kukhala pamodzi, kugwirizana zofunika pasukulu, n'kulemba pulani. Ife tidachita zimenezo. Tidagwirizana zomanga zimbudzi za atsikana, kugula choko ndi makope a ana amasiye, ndi kukhoma zitseko za makalasi awiri. Kenako tidadikira. Miyezi idapita osamva kanthu. Anthu m'mudzi adayamba kulozana zala. Ena amati ahedi adya, ena amati akomiti agawana. Ine ndemwe ndidanenedwa pamjigo kuti chitenje chomwe ndidavala ndagulira ndalama za sukulu, chonsecho ndidachigula nditagulitsa mtedza wanga. Ndalama zitafika mochedwa, zidapeza mitengo ya simenti itakwera, ndipo zimbudzi tidamanga ziwiri m'malo mwa zinayi. Apo ndiye anthu adati umboni wa kuba suwu.

Palibe adaba, akonzi. Chidasowa ndi pepala limodzi lochokera kuboma, lomatidwa pakhoma la ofesi ya ahedi, lonena kuti sukulu yakutiyakuti ilandira ndalama zakutizakuti, zikuyembekezeka mwezi wakuti, ndipo ngati zachedwa, chifukwa chake ndi ichi. Pepala lotero likadateteza dzina la ahedi athu, munthu yemwe amagwira ntchito mpaka madzulo, ndipo likadatetezanso ife. Komanso kumene kuli ahedi kapena akomiti a manja aatali, poti aliko, pepala lomwelo ndi lomwe lingawagwiritse. Chinsinsi pa ndalama za anthu chimapweteka wosalakwa n'kubisa wolakwa.

Sitikupempha chachilendo. Maphunziro a pulayimale adakhala aulere mu 1994, ana adakhamukira kusukulu mwaunyinji, ndipo kuyambira pamenepo makolo takhala tikuumba njerwa, kututa mchenga ndi kumanga nyumba za aphunzitsi ndi manja athu. Mu 1998 dziko lino lidavomereza ndondomeko yopereka mphamvu ku makhonsolo, ija timati mphamvu ku anthu, ndipo sukulu za pulayimale zili m'gulu la ntchito zomwe zidaperekedwa kumakhonsoloko. Lamulo la maphunziro la 2013 likuti mwana aliyense ayenera kupita ku pulayimale, ndipo mafumu ambiri amalipiritsa kholo lomwe mwana wake akungokhala pakhomo. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani zomwe maofesi a boma akusunga lidayamba kugwira ntchito mu September 2020. Ngati kholo likulipitsidwa nkhuku kwa amfumu chifukwa mwana wajomba, kholo lomwelo liyenera kuuzidwa chifukwa chomwe mwanayo wakhalira sabata yathunthu osaona mphunzitsi m'kalasi.

Zaka zapitazi zidatiphunzitsa kuti uthenga wa sukulu ukachedwa kapena ukasokonekera, ovutika ndi osauka. Sukulu zitatsekedwa mu March 2020 chifukwa cha Covid-19, ana adakhala pakhomo miyezi yambiri, ndipo m'midzi tinkangomva mosiyanasiyana za tsiku lotsegulira. Atsikana ena kwathu kuno adalowa m'banja nthawi imeneyo poganiza kuti sukulu yatha basi. Makolo ambiri sankadziwa n'komwe kuti mtsikana wotenga mimba akachira amaloledwa kubwerera m'kalasi, ngakhale ndondomeko imeneyi ndi yakalekale. Amayi a mother group ndi amene adayenda khomo ndi khomo kufotokoza. Mu January 2023 kutsegulira sukulu m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre kudaimitsidwa chifukwa cha kolera, ndipo chilengezo chidatuluka kutatsala maola ochepa, makolo ena atalipira kale thiransipoti ya ana ogonera konko. Miyezi iwiri pambuyo pake namondwe wa Freddy adagwetsa makalasi m'chigawo cha kummwera, sukulu zina n'kusanduka misasa ya anthu othawa madzi. Ngozi zotere palibe angaziletse, ndipo sindikunena kuti kutseka sukulu kudali kulakwa. Ndikunena kuti nthawi ngati zimenezi ndi pomwe zimaonekera ngati boma lili ndi njira yofikira kholo, kapena likungodalira kuti uthenga uziyenda wokha.

Ndiye pali nkhani ya zotsatira za mayeso a Sitandade 8. A MANEB akatulutsa zotsatira, pawailesi timamva kuti zatuluka, ndipo amati mayina ali m'maofesi a maphunziro ndi pa intaneti. Amene ali ndi foni yaikulu ndi bandulo amadziwa tsiku lomwelo. Agogo olera mdzukulu wamasiye amadikira mpaka ahedi akatenge mndandanda. Akamva kuti mwana wasankhidwa, kaya ku CDSS, sekondale yoyendera ya m'dera, kaya kusukulu yogonera konko, funso limakhala lakuti afunika chiyani, pofika liti, ndipo ngati alibe kanthu akagogode khomo liti. Thandizo la ana ovutika timamva kuti lilipo, ku khonsolo ndi kumabungwe ena, koma ndani amatiuza tsiku lolembetsa ndi mapepala ofunika? Chaka chatha mtsikana wina wanzeru kwambiri wa m'mudzi mwathu adapita ku sekondale teremu itatsala pang'ono kutha, chifukwa agogo ake adamva za thandizolo mochedwa. Mwayi wake adamulandira. Ena malo awo amapita.

Ndisakhale wosayamika. A PEA athu ndi munthu wakhama. Ndidawaonapo nthawi ya dzinja akukankha njinga yamoto m'matope, mafayilo atakulunga m'pepala la pulasitiki. Sukulu zomwe amayang'anira n'zambiri, mafuta sakwana, ndipo foni yomwe amatiimbira amathiramo mayunitsi a m'thumba mwawo. Kuofesi ya paboma nako ndikudziwa kuti anthu ndi ochepa ndipo ndalama zoyendetsera ntchito zimafika mwa apo ndi apo. N'chifukwa chake zomwe ndikupempha ndasankha zosalira ndalama zambiri.

Teremu iliyonse ofesi ya maphunziro itulutse tsamba limodzi, m'Chichewa kapena m'chiyankhulo cha deralo, kaya Chiyao, Chitumbuka, Chisena, Chilomwe kapena Chitonga. Makalata omwe amafika pano amakhala m'Chingerezi cha muofesi, choti ngakhale ife akomiti timangogwedeza mutu ahedi akamawerenga, kenako n'kusayina. Patsambalo pakhale masiku otsegulira ndi kutsekera, masiku olembetsa ndi kulemba mayeso, aphunzitsi omwe akubwera ndi omwe akuchoka m'zoni, ndalama za SIG za sukulu iliyonse, ndi zomwe kholo likuyenera kupereka komanso zomwe silikuyenera kupereka. Chomalizachi n'chofunika kwambiri, poti ana ena amabwezedwa pakhomo chifukwa cha zopereka zomwe palibe angakuonetseni pomwe zidalembedwa. Tsambalo a PEA apereke kwa ahedi pamsonkhano wawo wa kuzoni, limatidwe pasukulu, lina lipite kwa agulupu, lina kutchalitchi ndi kumzikiti. Zolengeza za Lamulungu ndi za Lachisanu zimafika kutali kuposa asembule.

Wailesi za m'madera nazo zilipo, ndipo anthu amazimvera kuposa momwe akuluakulu amaganizira. Ku Mchinji kuli Mudzi Wathu, ku Mangochi kuli Dzimwe, ku Nkhotakota ndi ku Mzimba kulinso zawo. Alangizi a zaulimi amapita kumeneko kukanena za mvula ndi mbewu, azaumoyo amapita kukanena za katemera. Bwanji a zamaphunziro osapita kamodzi pamwezi, kwa theka la ola, kukanena zomwe zikuchitika m'sukulu za boma lawo n'kuyankha mafunso a makolo pafoni? Ana athu adaphunzirapo kudzera pawailesi m'pulogalamu ya Tikwere, choncho unduna ukudziwa kale mphamvu ya wailesi. Magulu a WhatsApp a ahedi alipo kale m'mazoni ambiri. Kuikamo wapampando wa komiti ndi wa PTA, bungwe la makolo ndi aphunzitsi, wa sukulu iliyonse sikufuna bajeti.

Makhansala ndi aphungu nawo ndili nawo mawu. Mumabwera kusukulu tsiku lopereka buloko yatsopano, kujambulitsa, kenako zii. Khonsolo ikamakambirana za maphunziro inu mumakhalapo. Bwerani mudzatiuze zomwe mwagwirizana, ngakhale zitakhala zowawa. Ngati chaka chino sukulu yathu siili pamndandanda wolandira madesiki, tiuzeni, tidziwe kuti ana apitiriza kukhala pansi, tiluke mphasa. Ife tidadikira madesiki zaka ziwiri chifukwa cha lonjezo la pamsonkhano, pomwe tikadatha kusonkherana n'kupita kwa kalipentala wa pamsika.

Makolo anzanga, nafenso tili ndi mbali yathu. Msonkhano ukaitanidwa timabwera anthu makumi awiri pasukulu ya ana pafupifupi chikwi, ndipo ambiri amakhala amayi. Abambo mumati za sukulu n'za amayi, koma ndalama zikachedwa ndinu oyamba kukweza mawu pabawo. Bwerani mudzafunse pamaso pa ahedi. Funsani kuti pulani ya chaka chino ili pati, malisiti ali kuti, aphunzitsi alipo angati pa ana angati. Mphunzitsi wabwino sakwiya ndi mafunso otere. Ahedi athu adatiuza okha kuti chimawapweteka ndi kunenedwa kuseri.

Ife pasukulu pathu tayambapo. Tidapempha kalipentala kuti atikhomere bolodi pansi pa mtengo wa mango, pomwe amayi amadikirira pophika phala, ndipo mwana wa Sitandade 7 wolemba bwino amakopera m'Chichewa chilichonse chomwe ahedi alandira. Sabata yoyamba anthu ankangodutsa. Pano m'mawa mumapeza anthu atatu kapena anayi ataima, wina akuwerengera anzake mokweza. Koma bolodilo limakhala lopanda kanthu masabata ambiri, chifukwa sitingalembe zomwe sitidauzidwe. Komiti yathu yalemba kalata yopempha a PEA kuti pamsonkhano wotsegulira teremu ikubwerayi adzabwere ndi munthu wochokera kuofesi ya paboma, adzatiuze za mphunzitsi wa Sitandade 8 ndi za ndalama za chaka chino. Kalatayo ndidakapereka ndekha ku TDC Lachiwiri lapitali, ndipo tikudikira yankho.

Mayi wa m'komiti ya sukulu,
Chigawo chapakati