Ana ovuta m'kalasi ndi athu omwe

Akonzi,

Ndine mphunzitsi wa sitandade 6 pasukulu ina ya pulaimale kufupi ndi Lizulu, m'boma la Ntcheu. Ndatopa kumva anthu akungoti ana a masiku ano ndi osamva, nkhani n'kuthera pomwepo.

N'zoona, ena amatopetsa. Ndili ndi mnyamata wina amene tsiku la msika sitimuona. Amakhala ali pamsewu wa M1, kuthamangira mabasi atanyamula ndowa ya mbatatesi kapena tomato. M'mawa mwake amabwera tulo tili m'maso, ukamufunsa funso amayankha mwamwano, anzake n'kuseka. Mtima umandipsa kwambiri.

Koma mwana yemweyo amawerengera chenji pamtima mofulumira kuposa onse m'kalasi. Amakhala ndi agogo ake okalamba, ndiye ganyu wakeyo ndi amene amagula ufa. Kuzizira kwa mwezi wa June ndi July kuno mukukudziwa, iye amabwera wopanda juzi, manja ali m'khwapa. Ndimamukonda mwana ameneyu, ndipo akajomba masiku angapo ndimasowa mtendere.

Chiyambire 1994 pamene maphunziro a pulaimale anakhala aulere, makalasi anadzaza. Mphunzitsi mmodzi sangathe kukhala pansi ndi mwana aliyense kuti amve zakukhosi kwake, ngakhale atafunitsitsa.

Ndikupempha mafumu, makomiti a sukulu ndi magulu a amayi kuti azitiperekeza kumakomo a ana oterewa, tikakambirane ndi makolo za masiku a msika. Boma nalo litiwonjezere aphunzitsi kumidzi kuno.

Mphunzitsi wodandaula,
Lizulu, Ntcheu