Kalata yoyamikira ogwira ntchito ku laibulale ya Zomba

Matawale,
Zomba.

Kwa Woyang'anira,
National Library Service,
Nthambi ya Zomba.

Bwana,

Ndalemba kalatayi kuti ndithokoze antchito anu, makamaka mayi amene ndinawapeza pa tebulo lobwereketsa mabuku, chifukwa cha mmene anandithandizira kupeza mabuku abwino a nkhani za mizukwa yoyamwa magazi. Dzina lawo sindilemba muno poti sindinawapemphe chilolezo.

Pempho langalo linali lovuta kulitulutsa pakamwa. Ndine mlangizi wa zaumoyo, ndipo mu 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo mpaka ku Blantyre, ife a zaumoyo tinkaopa kuyenda ndi chikwama cha majekeseni. Anthu anaphedwa chifukwa chongowaganizira, anyamata ankatchinga misewu n'kumasecha galimoto, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ena m'maboma a kumeneko. Ndiye munthu wa ntchito ngati yanga akafuna kufunsa pagulu kuti "muli ndi mabuku a opopa magazi?", amayamba wayang'ana uku ndi uku. Mayiwo sanaseke, sanandiyang'anenso ndi diso lokayika. Anangondifunsa ngati ndikufuna nkhani yochititsa mantha, nkhani yachikondi, kapena mbiri ya chikhulupirirocho. Akuti anthu ambiri amabweza buku atakhumudwa chifukwa anatenga lachikondi pomwe ankafuna loopsa.

Ndinati loopsa. Anandipatsa Dracula, lolembedwa ndi Bram Stoker wa ku Ireland, lomwe linatuluka mu 1897, ndipo anandichenjeza kuti ndisafulumire kulitaya chifukwa cha kalembedwe kake. Ananena zoona. Bukuli lilibe munthu mmodzi wosimba nkhani yonse. Ndi mulu wa makalata, madayale, matelegalamu ndi nkhani zodula m'nyuzipepala, moti wowerenga amadziwa zambiri kuposa anthu a m'nkhanimo, n'kumangowaonerera akulowera kumene kuli ngozi. Jonathan Harker, loya wachinyamata, akupita ku Transylvania kukathandiza mkulu wina wolemera, dzina lake Dracula, kugula nyumba ku England, ndipo akuzindikira pang'onopang'ono kuti m'nyumba yaikuluyo mulibe wantchito ndi mmodzi yemwe, kuti mwini nyumbayo sadya, ndiponso kuti saoneka pa kalilole. Chigawo cha sitima ya Demeter, yomwe ikufika pa doko la Whitby ku England amalinyero onse atasowa, kapitawo wake atafa ali chimangidwire pa chiwongolero, ndinachiwerenga magetsi atazima, ndi tochi ya foni, nkhungu itaphimba phiri lonse. Sindikulangiza wina kuti achite zomwezo.

Koma chimene chinandigwira mtima kwambiri si Dracula mwini wake, ndi madokotala. Mtsikana wotchedwa Lucy akamafooka, Van Helsing ndi Seward akumuika magazi a amuna anayi, mmodzi lero wina tsiku lina, popanda kuyeza ngati magaziwo akugwirizana. Ndinaseka ndekha, poti masiku ano wochita zimenezi ntchito ikhoza kumuthera pomwepo. Stoker sitingamunene, chifukwa Karl Landsteiner anatulukira magulu a magazi mu 1901, bukuli litatuluka kale. Ndipo madokotala omwewo, magazi atakanika, akukoloweka adyo m'chipinda cha wodwala. Aliyense amene wagwirapo ntchito m'mudzi akudziwa khomo limene pamakhala botolo la mankhwala a kuchipatala pambali, mizu pambali.

Nditabweza bukulo, mayiwo anandionetsa chinthu chimene sindinkachidziwa, kuti mabuku akale chonchi amapezeka aulere pa intaneti, pa Project Gutenberg, ndipo munthu akhoza kuwasunga m'foni ndi kabandulo kochepa. Tinatsitsa awiri. Loyamba ndi The Vampyre la John Polidori, la mu 1819. Polidori anali dokotala wa mlakatuli Lord Byron, ndipo nkhaniyi inachokera ku macheza a mu 1816 m'mbali mwa nyanja ya Geneva, omwewo amene anabala Frankenstein la Mary Shelley. Ndi lalifupi, ndipo kunena zoona ndi lozizira, limangofunika kwa munthu wofuna kudziwa kumene mwambo wa mzukwa wovala bwino, wolankhula mwaulemu unayambira. Lachiwiri ndi Carmilla la Sheridan Le Fanu, la mu 1872, zaka 25 Dracula asanatuluke. Ili ndiye ndalikonda. Mtsikana wosungulumwa wa ku Styria, dera la ku Austria, dzina lake Laura, akulandira mlendo amene ngolo yake yachita ngozi pafupi ndi kwawo, akumukonda ngati m'bale wake, ndipo akuyamba kuwonda ndi kulota zoopsa. Mulibe phokoso, mulibe kuthamangitsana kwambiri. Mantha ake ndi akuti woopsayo ndi amene mwamupatsa chipinda ndi chakudya.

Mwana wa achemwali anga atamva zimene ndikuwerenga anandibweretsera Twilight la Stephenie Meyer, la mu 2005, lomwe anagula kwa ogulitsa mabuku akale mumsika. Ndinaliwerenga mwaulemu mpaka pakati. Mzukwa wonyezimira padzuwa, wolowa m'kalasi ndi ana a sekondale, ine ayi. Koma mtsikanayo sankagwira buku lililonse kupatula la mayeso, pano akufunsa za khadi ya laibulale, ndiye sindinenanso zambiri.

Buku limene ndikuthokozera koposa ndi limene mayiwo anangondilembera dzina lake pa kapepala kuti ndikalifunefune: I Am Legend la Richard Matheson, la mu 1954. Anati poti ndine wa zaumoyo lidzandiyenera. Ndinalibwereka kwa mnzanga wina wophunzitsa. Mu bukuli mliri wasandutsa anthu onse kukhala oyamwa magazi, watsala munthu mmodzi, Robert Neville. Usiku amadzitsekera m'nyumba, masana amayenda n'kumawapha ali m'tulo. Iye sakhutira ndi zonena za makolo, akutenga maikulosikopu, akuyeza magazi, mpaka akupeza kuti gwero lake ndi kachilombo. Kumapeto akuzindikira kuti kwa anthu atsopanowo, amene ayamba kumanga moyo wawo, chilombo choyenda mwakachetechete n'kumapha anthu ogona ndi iyeyo. Ndinatseka bukulo n'kukumbukira nkhope za amayi amene ankabisa ana awo tikafika ndi katemera m'chaka chija. Nthawi imeneyo ndinkangowakwiyira. Sindinaganizepo mofatsa kuti munthu wachilendo, wobwera pa njinga yamoto, wonyamula bokosi lotseka, wolemba mayina m'buku, wotenga magazi pachala n'kupita nawo osafotokoza kumene akupita, amaoneka bwanji kwa munthu amene waima pakhomo pake. Kupha anthu kuja kunali kulakwa ndipo palibe buku lingakuyeretse. Koma pano ndikafika m'mudzi ndimatsegula bokosilo pamaso pa anthu, a mfumu ali pomwepo, ndisanagwire mwana aliyense.

Nditawafotokozera zimenezi, mayiwo ananditchulira buku la katswiri wa mbiri yakale Luise White, Speaking with Vampires, la mu 2000, lomwe limafufuza mphekesera zoterezi m'nthawi ya atsamunda, monga za banyama ku Zambia ndi za wazimamoto ku East Africa, kumene anthu ankakayikira ngakhale ozimitsa moto. Anandilangiza kuti ndikafunse ku laibulale ya ku yunivesite ku Chirunga. Zinandisangalatsa kuti sanaone ngati kunditumiza kwina n'kuluza kasitomala.

Ndili ndi mapempho awiri. Mukamatumiza ku likulu ku Lilongwe mndandanda wa mabuku ofunika, muikepo I Am Legend, komanso Fledgling la Octavia Butler, la mu 2005, lomwe mtsikana wake woyamwa magazi ndi wakuda. Lachiwiri, ngati n'kotheka, pakhale kapepala pakhoma kofotokoza mmene munthu angatsitsire mabuku aulere aja m'foni, chifukwa ophunzira ambiri amene amadzaza mipando yanu nyengo ya mayeso mafoni ali nawo.

Chonde mupereke kuthokoza kwangaku kwa mayiwo ndi anzawo onse, ndipo ngati pali kaundula wa antchito ochita bwino, kalatayi ilowe mmenemo.

Ine wanu,
Wowerenga wa ku Matawale