Ndowa zosambira m'manja zibwerere m'sukulu

A Mkonzi,

Kolera ya 2022 mpaka 2023 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, moti sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Nthawi imeneyo m'sukulu zambiri mudali ndowa za mpopi ndi sopo pakhomo pa kalasi. Lero kwathu kuno ndowa zija zidasweka, ina akusungiramo choko.

Mwana amaloweza za pabolodi kuti azisamba m'manja akachoka kuchimbudzi, koma akatuluka panja madzi palibe. Ndiye asamba ndi chiyani?

Makomiti a sukulu ndi alangizi a zaumoyo asadikire kuti mvula iyambe. Akafikenso kwa agogo m'midzi ndi kuwaonetsa kathiridwe ka klorini m'madzi akumwa, poti ndiwo amatsala ndi ana makolo akapita kumunda.

Kholo lodandaula,
Blantyre