Pempho la Thandizo: Chenjezo la Madzi Osefukira Lizifika Khomo Lililonse

Kwa abale athu ochokera m'chigwa cha Shire amene muli ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Johannesburg ndi kwina konse, kwa atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, kwa amalonda, kwa mabungwe ndi kwa onse akufuna kwabwino,

Tikupereka moni kwa inu nonse ife a komiti ya m'mudzi yoteteza anthu ku ngozi zogwa mwadzidzidzi. Mudzi wathu uli kum'mawa kwa mtsinje wa Shire m'boma la Nsanje, chakufupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire. Talemba kalatayi titakhala pansi ndi amfumu athu pamodzi ndi nduna zawo, ndipo chimene tikupempha si ufa, si mabulangete, si mahema. Zimenezo zimafunika madzi akatha kuononga, ndipo timathokoza onse amene akhala akutipatsa m'zaka zapitazi. Ulendo uno tikupempha thandizo loti chenjezo la madzi osefukira lizifika pakhomo lililonse nthawi ikadalipo, komanso kuti banja lililonse lizidziwiratu chochita likamva chenjezolo.

Amene simunakhaleko kuno mwina simudziwa mmene madzi amatibwerera. Kawirikawiri madzi amene amatimiza si a mvula imene yagwa pamudzi pathu. Ruo amachokera kuphiri la Mulanje, ndipo amatolera madzi a mitsinje ya ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Chiradzulu asanatsikire kuchigwa. Mvula ikhoza kugwa masiku atatu kumapiriko pamene kuno kwangochita mitambo, anthu n'kumalima m'madimba mwawo osadziwa kanthu, kenako pakati pa usiku n'kumva mbuzi zikulira m'khola ndi madzi akulowa pansi pa chitseko. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo ife tinaziona ndi maso m'mwezi wa Januwale 2015, pamene Ruo anasiya njira yake n'kudutsa m'midzi ya ku Makhanga kwa Mfumu Yaikulu Mlolo. Chaka chimenecho boma linalengeza kuti maboma 15 ali pangozi. Kuyambira pamenepo sitinapume: mu Malichi 2019 kunabwera mvula ya namondwe wa Idai, mu Januwale 2022 kunabwera Ana, patangopita milungu yochepa kunabwera Gombe, ndipo mu Malichi 2023 Freddy anachotsa anthu oposa 600,000 m'nyumba zawo m'chigawo cha kumwera, osawerenga mazanamazana amene anafa kapena kusowa mpaka lero.

Tiyenera kunena chilungamo kuti masiku ano chenjezo limaperekedwa. Nthambi yoona zanyengo imalengeza za namondwe kukadali masiku angapo, a nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA amatumiza uthenga kudzera kwa bwanamkubwa wa boma, mawailesi amaulutsa, ndipo ena mwa ife a komiti timaulandira pafoni. Vuto lili pa mtunda wotsiriza, kuchokera pa foni ya membala wa komiti kukafika pakhomo la agogo amene amakhala okha kumalire a mudzi. Pa nthawi ya Freddy, mnzathu wina wa m'komiti muno analandira uthenga madzulo, koma pofuna kuimbira ena anapeza kuti foni yake yatha moto, ndipo netiweki inali yodukaduka. Anayenda wapansi mumdima, matope akufika m'mawondo, akugogoda khomo ndi khomo mpaka mawu anam'thera. Pamene ankafika ku nyumba zomalizira, madzi anali atadula kale kanjira kopita kumtunda, ndipo mayi wina anapulumuka atakwera mumtengo ndi mwana kumbuyo, n'kukhala mmenemo mpaka bwato linawapeza kutacha. Tikakumbukiranso kuti namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kukhala pa mdima, tikuona kuti mudzi sungadalire foni yokha pa nkhani ya moyo.

N'chifukwa chake choyamba tikupempha zipangizo zofalitsira uthenga zimene sizidalira magetsi a mawaya. Tikufuna zimkuzamawu za m'manja, mawezulo oti tigawire achinyamata odzipereka m'chigawo chilichonse cha mudzi, matochi, mawailesi oyendera dzuwa, ndiponso masola ang'onoang'ono otchajira mafoni a anthu amene amawerenga mulingo wa madzi. M'mphepete mwa mtsinje mumakhala mitengo yoyezera madzi yopakidwa utoto wobiriwira, wachikasu ndi wofiira: wobiriwira utanthauza kuti kuli bata, wachikasu kuti tiyambe kulongedza, wofiira kuti tinyamuke. Utoto wa mitengo yathu unafufutika, ndipo mtengo wina unakokoloka, motero tikufuna penti ndi simenti yoimikiranso. Njinga zakapalasa ziwiri kapena zitatu zingathandize kuti wothamangitsa uthenga azizungulira mudzi wonse msanga, ndipo majekete oyandamitsa pamadzi angateteze anyamata a mabwato amene amapulumutsa anzawo m'madzi momwe nthawi zina mumakhala ng'ona. Ng'oma tili nazo kale, ndipo tagwirizana ndi amfumu kuti pakhale kaimbidwe kake kapadera kochenjeza za madzi, kosiyana ndi ka maliro kapena ka msonkhano.

Komatu zipangizo pazokha sizichotsa munthu pakhomo pake, ndipo apa ndi pamene pali ntchito yaikulu. Ena amati anthu a kuchigwa ndi osamva, ena mpaka amati timakhalira dala m'madzi kuti tizilandira thandizo. Mawu amenewa amatipweteka chifukwa si oona. Munthu amazengereza kuthawa chifukwa akuopa kuti akachoka akuba amutengera mbuzi ndi njinga, chifukwa nthaka ya m'dimba imene madzi amasiya ndiyo imamudyetsa chimanga, mbatata ndi nyemba m'chilimwe pamene kumtunda kuli gwaa, chifukwa manda a makolo ake ali pomwepo, komanso chifukwa tsiku lina anachenjezedwa, anathawa, madzi osabwera, ndipo anabwerera akusekedwa. Munthu wotere sasunthika ndi chilengezo cha pa wailesi chonena za mamilimita a mvula. Amafunika munthu amene amamudziwa akhale naye pamkeka, alankhule naye m'Chisena kapena m'Chimang'anja chake, amuuze kuti mvula yotereyi ikagwa ku Mulanje madzi adzafika pawindo la nyumba yake, ndipo amuonetse kumene ziweto zake zidzasungidwe ndi amene adzazilondera. Afunikanso kuuzidwa poyera kuti chenjezo nthawi zina limadutsa popanda ngozi, ndipo kuti kugona usiku umodzi kumtunda pachabe si chinthu chochititsa manyazi.

Choncho chachiwiri tikupempha thandizo loyendera mabanja onse khomo ndi khomo mvula isanakhazikike. Pa ulendo umenewu tikufuna kulemba m'kaundula okalamba, aulumali, amayi oyembekezera, odwala amene sangathe kuyenda ndi ana amene akulera anzawo, ndipo aliyense wa iwo apatsidwe mnansi wodziwika bwino amene adzamunyamule ng'oma ikalira. Tikufunanso kuti banja lililonse likhale ndi jumbo yolimba kapena ndowa yotseka yoikamo chiphaso cha unzika, mabuku a kuchipatala, makadi a sikelo ya ana, ziphaso za sukulu, mankhwala a omwe amamwa tsiku ndi tsiku monga ma ARV ndi a kuthamanga kwa magazi, machesi, tochi, ufa pang'ono ndi mbewu yodzabzala madzi akaphwera. Izi zikuoneka zazing'ono, koma ife taonapo bambo akulira kumsasa osati chifukwa cha nyumba yake yazidina zosawotcha imene inasungunuka, koma chifukwa buku lake la kuchipatala linapita ndi madzi ndipo sanadziwe kuti akayambira pati kuti alandirenso mankhwala. Mu ndowamo muyeneranso kukhala mankhwala otsukira madzi akumwa, pakuti madzi akasefukira zimbudzi zimagwa, mijigo imamira, ndipo kolera imene inavutitsa dziko lino mu 2022 ndi 2023 imapeza poyambira.

Tikufuna kuchitanso zoyeserera kawiri, kamodzi masana ndi kamodzi usiku, mudzi wonse ukuyenda njira yothawira mpaka kumalo okwera amene tasankha. Ya usiku ndiyo yofunika koposa, chifukwa madzi ambiri atipeza tili m'tulo, ndipo njira imene munthu amaidziwa masana imasokoneza kukada. Aphunzitsi a sukulu yathu ya pulayimale avomera kuphunzitsa ana tanthauzo la mitundu itatu ija ya utoto ndi kuopsa kooloka madzi othamanga, ngakhale ooneka ofika m'mawondo okha. Mwana akaphunzira amakakumbutsa makolo, ndipo anawa ndi amene sukulu yawo imasanduka msasa kwa milungu yambiri chaka chilichonse chimene madzi asefukira. Pa ntchitoyi tikufuna mapepala akuluakulu, zolembera, penti yolembera zikwangwani zolozera njira, ndi munthu wodziwa kujambula amene angatithandize kupanga mapu a mudzi oonetsa malo otsika, njira ndi malo othawirako, kuti ngakhale wosadziwa kuwerenga amve ndi maso.

Ife eni mudzi sitinapinde manja. Achinyamata alonjeza kulambula njira yothawira ndi kukwirira malo amene amadikha madzi, amayi a banki m'khonde avomera kupatula kangachepe kogulira mabatire, ndipo amfumu apereka malo kumtunda omangapo khola losungirako ziweto pa nthawi ya ngozi. Kwa abale athu a ku Mulanje ndi ku Thyolo amene mumakhala m'mbali mwa mitsinje yothira mu Ruo tili ndi pempho losafuna ndalama: mukaona mtsinje wadzaza mopitirira muyeso, imbirani wachibale kapena mnzanu wa kuchigwa nthawi yomweyo, pakuti maola amene madzi amayenda asanatifike ndi okwanira kusamutsa mudzi. Kwa inu amene muli kutali ndipo makolo anu ali kuno, mukamva za namondwe pa wailesi kapena pa WhatsApp muziwaimbira ndi kuwalimbikitsa kuti amvere komiti, chifukwa mawu a mwana wawo amalemera kuposa athu.

Amene mwakhudzidwa mungathe kupereka thandizo lanu kudzera ku komiti ya m'dera yoona za ngozi kapena ku ofesi ya bwanamkubwa wa boma la Nsanje, ndipo tingakonde kulandira katundu weniweni m'malo mwa ndalama. Chilichonse chimene chidzafike chidzalembedwa m'buku la komiti ndi kuwerengedwa pamsonkhano wa mudzi pamaso pa amfumu, ndipo wopereka ali ndi ufulu wobwera kudzaona. Tikupempha kuti thandizoli litipeze mwezi wa Disembala usanathe, chifukwa kuyambira Januwale mpaka Malichi misewu ya kuno imaduka ndipo galimoto sizifika.

Ife anu,
A komiti ya m'mudzi yoteteza anthu ku ngozi zogwa mwadzidzidzi, mogwirizana ndi amfumu ndi komiti ya sukulu