Mayunivesite abweretse chionetsero cha zachilengedwe kuno kunyanja

Akonzi,

Ndiloleni kudzera m'nyuzipepala yanu ndipemphe akuluakulu a mayunivesite athu, makamaka omwe amaphunzitsa za nsomba monga LUANAR ku Bunda ndi Mzuzu University, kuti aganizire zokhazikitsa nyumba yoonetseramo zachilengedwe, imene ambiri amaitcha myuziyamu, ndipo koposa apo alembe ntchito munthu yemwe udindo wake wonse udzakhale wotsogolera zionetsero ndi maphunziro a anthu wamba. Ine ndine mphunzitsi wa sayansi kuno ku Salima, kumene ana amakulira m'mbali mwa nyanja imene ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, komabe ambiri amamaliza Fomu 4 akungodziwa usipa, utaka, kampango ndi chambo, ndiponso akuzidziwa ngati ndiwo basi.

Nzeru zokhudza nsombazi zilipo, koma zidasungidwa kutali ndi eni nyanja. Nsomba zimene John Kirk adatola paulendo wake ndi David Livingstone zidapita ku London, kumene katswiri wa nsomba Albert Günther adazifotokoza mu 1864, ndipo mu 1935 katswiri wina, Ethelwynn Trewavas, adafotokoza mitundu ina yambiri ali mumzinda womwewo. Paki ya Lake Malawi National Park idakhazikitsidwa mu 1980, kenaka mu 1984 bungwe la UNESCO lidaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse makamaka chifukwa cha mbuna, nsomba zazing'ono zamaonekedwe owala zimene zimakhala m'miyala. Zilumba za Maleri, zimene zili kuno kwathu, ndi mbali ya pakiyi, ndipo ku Senga Bay kuli malo ofufuzirako za nsomba. Ma myuziyamu tili nawo ku Chichiri, ku Mangochi, ku Mzuzu ndi ku Karonga, koma kwa sukulu ya ku Khombedza kapena ku Chikombe, mtengo wa basi wokha umathetsa nkhani isanayambe n'komwe.

Ena anena kuti vuto ndi nyumba ndi ndalama. Ine ndikuona kuti chosowa chachikulu ndi munthu. Mphunzitsi wa payunivesite amakwezedwa chifukwa cha kafukufuku amene wafalitsa ndiponso ophunzira amene wawatsogolera, choncho kulandira ana a Sitandade 6 kapena gulu la asodzi kumakhala ntchito ya yemwe wapezako mpata tsiku limenelo, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya: amene ali ndi mbiri kale ndi yemwe amasenzetsedwa zonse mpaka kutopa. Yunivesite ya Oxford ku England ili ndi myuziyamu ya zachilengedwe imene idatsegulidwa mu 1860 ndipo anthu amalowamo kwaulere, koma chimene ndikufuna kuti titengereko si kukula kwa nyumbayo ayi, ndi mfundo yakuti kuphunzitsa alendo ndi ntchito payokha, yokhala ndi antchito akeake.

Ntchitoyi ndi yovuta kuposa momwe imaonekera. Nsomba yosungidwa kaamba ka kafukufuku imayamba yaikidwa m'mankhwala a formalin, kenaka imakhala m'botolo la sipiriti pamodzi ndi kapepala konena malo amene idagwidwa, tsiku, ndi dzina la woigwira. Pakapita nthawi, mbuna yomwe inali yobiriwira ngati thambo ndi mizere yakuda imasanduka yotuwa, moti mwana akaiona amangodutsa. Kwa katswiri botolo limenelo ndi chuma, ndipo mabotolo ena, makamaka amene muli nsomba yomwe adagwiritsa ntchito pofotokoza mtundu wake koyamba, sayenera kuyendayenda kapena kuikidwa padzuwa. Wotsogolera zionetsero ndiye amaima pakati pa katswiri ndi mlendo. Iye amasankha zimene zingatuluke m'nkhokwe ndi zimene zitsale, amafuna zithunzi ndi ziboliboli zoti ana azigwira, amasamala kuti tizilombo tisadye zikopa ndi nthenga, amaphunzitsa ophunzira a payunivesite kuyankhula ndi anthu mosadzikweza, ndipo amalemba mawu ofotokozera m'Chichewa chomveka osati Chingerezi chovekedwa malaya a Chichewa. Ameneyu ayenera kudziwa silabasi ya kusukulu, komanso kudziwa nthawi imene asodzi amakhala kumtunda, chifukwa msonkhano woitanidwa m'mawa amuna atangobwera kuchokera kukaunika usipa usiku wonse sumvedwa ndi munthu.

Taganizani chionetsero chimodzi chokha. Pakhale thanki lagalasi momwe muli mbuna yaikazi imene yasunga mazira m'kamwa, khosi lake litatupa, ikukana chakudya pafupifupi masabata atatu mpaka tiana titatuluka, ndipo tikadzidzimuka n'kuthawiranso m'kamwa mwa make. Pambali pake pakhale mchenga woumbidwa ngati chisa chimene chambo chachimuna chimakumba m'madzi osaya, kenaka wotsogolera adutsitsepo kachidutswa ka khoka kapena ka neti yotetezera udzudzu kuti anthu aone okha chisa chikufafanizika. Aliyense amene waona zimenezi sangafunsenso chifukwa chimene boma limatsekera nyanja chakumapeto kwa chaka, kapena chimene mu 2018 bungwe loona zoteteza chilengedwe padziko lonse la IUCN lidaikira chambo pagulu la nsomba zimene zili pachiopsezo chachikulu cha kutha. Lamulo lolengezedwa pawailesi munthu amalizemba, pamene chinthu chimene wadzionera ndi maso ake amakachifotokozanso kwa anzake padooko. Ana nawonso sangaiwale kaligono, nsomba imene imagona chammbali pamchenga ngati yafa kufikira tinsomba tating'ono titayandikira, iyo n'kutimeza.

Ndikupemphanso kuti chionetserocho chisabwere ngati chodzaphunzitsa mbuli. Pachilumba cha Mbenji, mafumu a dera la Makanjira akhala akutseka usodzi m'nyengo ya mvula kuyambira m'zaka za m'ma 1950, kale kwambiri makomiti a m'madooko asanakhazikitsidwe, ndipo malamulo awo amalemekezedwa mpaka lero. Asodzi achikulire amadziwa mphepo ya mwera ndi ya mpoto, amadziwa kumene utaka umasonkhana ndiponso nyengo imene mpasa umakwera mtsinje wa Bua kukaswa. Wotsogolera wabwino angajambule mawu a anthu otere atawapempha chilolezo, n'kuwaika pambali pa zimene akatswiri adapeza, kuti mdzukulu wa msodzi aone kuti agogo ake ndi profesa akunena za nsomba imodzi. Ku Karonga adachita bwino potsegula myuziyamu mu 2004 m'boma lomwelo mmene mudapezeka mafupa a Malawisaurus, chinyama chachikulu chamakedzana cha mtundu wa dinosaur, ndiponso nsagwada ya munthu wakale kwambiri imene idafukulidwa ku Uraha mu 1991. Nsomba za m'nyanja nazonso zioneke kumene zimakhala.

Poyambira sipafunika nyumba yosanja. Mabokosi angapo olimba, thanki limodzi kapena awiri, mpope wa mpweya woyendera mphamvu ya dzuwa ndi galimoto imodzi zingayende mumsewu wa M5 kuchokera ku Chipoka, kudzera pa Salima, mpaka ku Chia ndi ku Nkhotakota, n'kumaima m'malo a aphunzitsi a TDC ndi m'madooko. Ku Nkhotakota chionetserocho chingawonjezere za njovu pafupifupi 500 zimene zidasamutsidwira kunkhalango ya kumeneko kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017, popeza anthu oyandikana ndi mpanda wa nkhalangoyo ali ndi mafunso ambiri. Chimene ndikupempha makhonsolo a mayunivesite ndi chakuti udindo umenewu ulembedwe m'bajeti yawo, ukhale ndi malipiro ndi njira yokwezedwera, ndipo pofunsa mafunso kwa ofuna ntchitoyo pakhalenso mphunzitsi wa pulayimale ndi nthumwi ya asodzi, amuyese ngati angathe kufotokoza kaswedwe ka chambo m'Chichewa.

Mphunzitsi wa sayansi,
Senga Bay, Salima