Usanapite ku Zionetsero Loweruka

Mufakose, Harare

Mwana wanga Naphiri,

Ndikhulupirira uli bwino ku London. Kuno tadzuka, kungoti miyendo ya bambo ako ikuvutabe. Uthenga wako wa pa WhatsApp ndaumvera kawiri, ndipo ndaona kuti nkhaniyi ndi yofunika kukhalira pansi, n'chifukwa chake ndikulemba.

Wati Loweruka ukufuna kukachita nawo zionetsero zokana nkhondo ya ku Gaza, koma ukuopa kuti ndikuletsa. Sindikuletsa ayi. Ndingakuletse bwanji ine amene ndinaona ndi maso angawa zimene nkhondo imasiya?

Mu 1988, iwe usanabadwe, ndinapita kumudzi ku Dedza kukaika agogo ako. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu pali malo ena pamene msewu ndiwo malire: uku Malawi, uko Mozambique. Tsidya lija masitolo anali mabwinja, opanda madenga, makoma ali zibooziboo ndi zipolopolo. Usiku pa siwa panafika mayi wina, mwana kumbuyo, kamphika pamutu, mapazi atang'ambika. Womwalirayo sankamudziwa n'komwe. Anaona moto, nadziwa kuti pamene pali maliro pali nsima. Chimene chinandiswa mtima n'chakuti ankalankhula Chichewa chathu chomwechi. Anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique ngati iyeyo anafika pafupifupi miliyoni imodzi m'Malawi. Ndikamaona pa TV amayi a ku Gaza atasenza mitolo, ndimaona nkhope ya mayi uja. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndiye pita. Koma upite ukudziwa kuti nkhondo siitha chifukwa choti anthu adzaza msewu tsiku limodzi. Pa 15 February 2003, iwe uli kamwana, anthu anatuluka m'mizinda yoposa 600 kukana nkhondo ya ku Iraq. Mu London momwemo munali anthu pafupifupi miliyoni, ku Rome akuti anafika mamiliyoni atatu. Pa 20 March mabomba anayamba kugwa ku Baghdad, George W. Bush wa ku America ndi Tony Blair wa ku Britain osabwerera m'mbuyo. Zida zoopsa zimene ankati Saddam Hussein, mtsogoleri wa Iraq, wabisa sizinapezeke. Anthu a mumsewu aja ananena zoona, koma kunena zoona sikunapulumutse ana a ku Iraq. Ndikukuuza izi kuti Lolemba ukadzamva kuti mabomba akugwabe, usadzataye mtima n'kunena kuti unangotaya nthawi. Ine ndimati sanataye nthawi, poti lero palibe amene anganene kuti dziko lonse linavomereza.

Nanga nkhondo ya ku Mozambique ija inatha bwanji? Anthu anakhala pansi ku Rome komweko kukambirana zaka ziwiri, mpaka pulezidenti Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama, mtsogoleri wa gulu la Renamo limene linkamenyana ndi boma, anasayina pangano la mtendere mu October 1992. Ntchito ya mtendere ndi ya anthu osatopa msanga. Choncho ukabwerako usakapachike chikwangwani kuseri kwa chitseko n'kuiwala. Lembera kalata phungu wa dera lako. Pamalipiro ako patula kangachepe kothandiza ovulala ndi othawa kwawo. Zimenezi palibe adzakuombera m'manja, koma uzichita.

Tsopano za chitetezo chako, poti apa ndiye mtima wanga suli m'malo. Ukukumbuka pa 1 August 2018, asilikali atawombera anthu m'tauni muno, anthu asanu ndi mmodzi n'kumwalira? Mlongo wako anali komweko kuntchito, foni yake osayankha. Ndinaima pageti mpaka mdima, nsima itazizira m'mbale, kufikira ndinamuona akubwera wapansi, nsapato imodzi itaduka. Ndikudziwa kuti London si Harare, koma mtima wa mayi sudziwa malire. Komanso iwe ndiwe mlendo kumeneko, wokhala pa visa ya ntchito. Mwini dziko akamangidwa amatuluka n'kubwerera kwawo. Iwe ukhoza kutaya ntchito ndi mapepala omwe. Yenda ndi anzako amene ukuwadziwa, tsatira njira imene apolisi avomereza, foni ikhale yodzaza moto. Ukangoona ena ayamba kugenda kapena kuswa magalasi, patuka msanga, usaime kuti ujambule.

Chinanso, samala pakamwa. M'khamu mumakhala ena amene sanabwerere mtendere koma chidani. Ukamva akunyoza Ayuda onse kapena Asilamu onse, usayankhire nawo nyimbo imeneyo. Amayi a ku Israel amene ana awo anaphedwa kapena kugwidwa pa 7 October 2023 analira misozi yomweyo. Mwa okalamba amene umawasambitsa ndi kuwadyetsa kuntchito mwina muli Myuda, mwina muli Msilamu, ndipo Lolemba uyenera kukawayang'ana m'maso popanda manyazi. Mawu a pachikwangwani chako akhale oti ungathe kuwawerenga pamaso pawo.

Bambo ako akuti uvale juzi ija ndinakulukira ndi nsapato zafulati. Ukangofika kunyumba Loweruka madzulo undiimbire, ngakhale kutada bwanji. Ndidzakhala ndili maso.

Ndine mayi ako.