Mapiritsi owonjezera magazi akakanika, tisamangopatsidwa ena

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani ya kuchepa kwa magazi m'thupi, makamaka pa zimene zimachitika munthu akamwa mapiritsi owonjezera magazi kwa miyezi ingapo koma thupi lake osasintha. Ndine mayi wachikulire, mphunzitsi wopuma pa ntchito, ndipo ndimakhala kuno kuchigwa cha Shire. Chandilembetsa kalatayi ndi chakuti chaka chathachi tinatsala pang'ono kutaya mpongozi wanga chifukwa cha vuto limene likanachizika msanga pakanapezeka munthu wofunsa chifukwa chimene mankhwalawo sankagwirira ntchito.

Mpongozi wangayo anayamba sikelo ali ndi pakati pa miyezi inayi. Atamuyeza anamuuza kuti magazi ake ndi ochepa, ndipo anamupatsa mapiritsi aja amatchedwa Fefol kuti azimwa limodzi tsiku lililonse. Mwezi ndi mwezi ankapita kusikelo, nthawi zina ndinkamuperekeza ndine, ndipo mwezi ndi mwezi ankabwerako ndi mapiritsi omwewo. Koma m'malo moti apeze mphamvu, anayamba kuchita phuma pongochokera kumjigo, chizungulire sichinkamuchoka, m'zikope ndi m'manja munayera, ndipo anayamba kudya dothi la pachulu mobisa. Ife tinkati ndi kutentha, pakuti kuno kuchigwa kufooka kulikonse timanamizira dzuwa la mu Okutobala. Atakomoka pa miyezi isanu ndi itatu n'kutengedwa kupita kuchipatala chachikulu, ndinatsegula buku lake la kuchipatala ndipo ndinapeza kuti nambala ya magazi ake, imene achipatala amaitcha Hb, inalembedwa kamodzi kokha, tsiku loyamba lija. Masiku ena onse analemba sikelo ya thupi lake ndi mapiritsi amene analandira. Nditafunsa, ndinauzidwa kuti tizipangizo toyezera magazi tinali titatha.

Sindikuimba mlandu anamwino, chifukwa ndinaona ndi maso anga mmene namwino mmodzi amathandizira mzere wa amayi wofika panja. Dandaulo langa lili pa kachitidwe kamene tazolowera, koti mapiritsi akaperekedwa timayesa kuti chithandizo chatha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mayi woyembekezera ali ndi magazi ochepa ngati Hb yake yatsika kupitirira 11 (kapena 10.5 kuyambira mwezi wachinayi mpaka wachisanu ndi chimodzi wa pakati), ndipo ikatsika kupitirira 7 ndiye kuti vutolo lakula kwambiri. Kwa mayi amene sali woyembekezera malire ake ndi 12, ndipo kwa bambo ndi 13. Mapiritsi akamagwira ntchito, nambalayi imayenera kukwera ndi 1 kapena 2 pakatha milungu itatu kapena inayi. Choncho pali njira yachidule yodziwira ngati mankhwala akuthandiza, ndiyo kuyezanso magazi pakatha mwezi. Nambala ikapezeka kuti yangoima kapena yatsika, chofunika ndi kufufuza chifukwa chake, ndipo zifukwa zambiri mwa izo ndi zapakhomo pathu penipeni kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje.

Chachikulu ndi chakuti anthu ambiri kuno amataya magazi pang'onopang'ono osadziwa. Moyo wathu uli pamadzi: timachapa ndi kusamba mu Shire ndi m'ngalande za ulimi wothirira, timalima kudimba, abambo ndi anyamata amasodza m'madambo a Dabanyi ndi Ndindi, ndipo madzi akasefukira, monga zinachitikira pa namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, zithaphwi zimakhala miyezi yambiri pafupi ndi nyumba. M'madzi otere ndimo mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Munthu wa likodzo amataya magazi mumkodzo kapena m'chimbudzi, ndipo kuno ambiri tinakula tikuona mkodzo wa magazi ngati chinthu wamba cha paubwana. Palinso njoka za m'mimba zimene zimalowera kuphazi munthu akamayenda osavala nsapato pa nthaka yonyowa, kenako n'kukakakamira m'matumbo ndi kumayamwa magazi tsiku ndi tsiku. Kumupatsa munthu wotere mapiritsi okha kuli ngati kuthira madzi mumtsuko wong'aluka. Mpongozi wanga anapezeka ndi likodzo pamene anali atagonekedwa kale, chonsecho mankhwala ake, praziquantel, ndi otchipa ndipo amaloledwa ngakhale kwa mayi woyembekezera, monganso albendazole wa njoka amaloledwa miyezi itatu yoyamba ikadutsa. Kwa amayi ena magazi amathera mu msambo wochuluka, nkhani imene ambiri amachita nayo manyazi kuifotokoza. Kwa bambo, kapena kwa mayi amene anasiya kusamba, kuchepa kwa ayironi, mchere wopangira magazi umene uli m'mapiritsi aja, kumafunika kufufuzidwa mozama, chifukwa kukhoza kukhala chizindikiro cha zilonda za m'mimba kapena khansa ya m'matumbo.

Kenako pali malungo, amene kuno satha chaka chonse. Tonse tikudziwa kuti malungo amaswa magazi, koma chimene ndinaphunzira kwa dokotala amene anathandiza mpongozi wanga ndi chakuti thupi likamalimbana ndi matenda, chiwindi chimatulutsa chinthu chotchedwa hepcidin, chimene chimatseka njira yolowera ayironi kuchokera m'matumbo kupita m'magazi. Munthu akhoza kumwa mapiritsi mokhulupirika, koma ayironiyo n'kumangodutsa. Zimenezi zimachitikanso kwa anthu odwala chifuwa chachikulu, kwa amene ali ndi HIV yosagonjetsedwa bwino ndi mankhwala, ndi kwa odwala impso. N'chifukwa chake kugona m'masikito ndi kumwa Fansidar wa kusikelo ndi mbali ya chithandizo cha magazi, ngakhale kuti amayi ambiri sauzidwa kugwirizana kwake.

Kamwedwe ka mapiritsiwo nakonso kali ndi gawo lake. Piritsi limodzi limakhala ndi mamiligalamu 60 a ayironi, koma thupi limatengapo kachigawo kochepa chabe, ndipo kachigawoko kamachepanso munthu akamwera tiyi, pakuti tiyi amamanga ayironi. Chimanga ndi mapira, zimene ndi chakudya chathu cha tsiku ndi tsiku, zilinso ndi zinthu zochepetsa kalowedwe kake, ndipo mankhwala a kutentha kwa pamtima amene amayi oyembekezera amagula m'magolosale amachita chimodzimodzi. Dothi limene mpongozi wanga ankadya linali chizindikiro cha kuchepa kwa ayironi, komanso nalo linkatchinga ayironi wa m'mapiritsi. Iye ankamwera piritsi lake tiyi wam'mawa, ndipo palibe anamuuzapo kuti atalikitse ziwirizi ndi ola limodzi kapena awiri, kapena kuti amwere madzi a malambe kapena a mandimu, amene ali ndi vitamini C wothandiza ayironi kulowa. Malambe kuno amangogwa okha m'mitengo. Tisabisenso kuti amayi ambiri amasiyira mapiritsi panjira chifukwa cha nseru, kudzimbidwa ndi kupweteka kwa m'mimba, ena amaopa akaona chimbudzi chakuda, chimene si choopsa, ndipo akafunsidwa kusikelo amangovomera kuti akumwa poopa kukalipiridwa. Namwino akafunsa mofatsa akhoza kumva zoona, ndipo pali njira zothandizira, monga kumwa piritsi modumphitsa tsiku, zimene madokotala apeza kuti zimachepetsa mavutowa ndipo zimathandiza ayironi kulowa bwino. Kusintha kotere kuyenera kuchokera kwa achipatala.

Nthawi zina vuto silikhala ayironi n'komwe. Matenda a sickle cell, kuchepa kwa vitamini B12 ndi matenda a impso zonse zimachepetsa magazi, ndipo mapiritsi a ayironi sangazichize. Kuyeza kotchedwa ferritin ndiko kumasonyeza ayironi wosungidwa m'thupi, ndipo kukanayenera kupezeka m'malabotale a zipatala za maboma.

Zonsezi zikafufuzidwa koma magazi osakwerabe, kapena mayi akafika mochedwa moti nthawi yobereka yayandikira, pali chithandizo chimene anthu ambiri kuno sanachimvepo, ndicho ayironi wolowetsedwa mumtsempha kudzera m'diripi. Ayironi ameneyu sadutsa m'matumbo, choncho tiyi, nsima ndi nseru sizimukhudza. Mtundu wina wotchedwa iron sucrose umaperekedwa pang'onopang'ono, mamiligalamu 200 paulendo umodzi, moti wodwala amayenera kubwerera kangapo, zimene ndi zovuta kwa mayi wochokera ku Makhanga kapena kutsidya la kummawa kwa Shire amene ulendo uliwonse amalipira kabaza kapena bwato. Mtundu wina, ferric carboxymaltose, umatha kuperekedwa mpaka mamiligalamu 1,000 kamodzi kokha m'mphindi 15, ndipo mlingo umenewu ndi wofanana ndi ayironi yense amene mayi amafunika pa nthawi yonse ya pakati. Mankhwalawa saperekedwa m'miyezi itatu yoyamba ya pakati, ndipo wodwala amayenera kuyang'aniridwa kwa mphindi 30 akalandira, popeza anthu ochepa thupi lawo limawakana. Ndi chithandizo cha kuchipatala, ndipo wina aliyense woyenda ndi jakisoni m'midzi n'kumati akuwonjezera magazi ayenera kukanidwa.

Chondiwawa n'chakuti umboni wa mankhwalawa unapezeka m'dziko lathu lomwe lino. Kafukufuku wotchedwa REVAMP, amene mmodzi mwa omutsogolera anali Pulofesa Kamija Phiri, anachitika ku Zomba ndi ku Blantyre pa amayi oyembekezera 862, ndipo zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2023. Ndinene chilungamo: kafukufuku woyambayu sanapeze kusiyana kwakukulu pa chiwerengero cha amayi a magazi ochepa pa mlungu wa 36 wa pakati, ngakhale kuti anasonyeza kuti diripiyo ndi yosaopsa ndipo imachepetsa kwambiri kuperewera kwa ayironi m'thupi. Zimenezi zikutikumbutsa kuti kuchepa kwa magazi kuli ndi magwero ambiri. Koma kafukufuku wotsatira, pa amayi 590 amene anali m'miyezi itatu yomaliza ya pakati, amene anatuluka m'magazini ya Nature Medicine mu 2025, anapeza kuti pofika mlungu wa 36 wa pakati kapena nthawi yobereka amayi 47 mwa 100 alionse amene analandira diripi anali adakali ndi magazi ochepa, poyerekeza ndi 63 mwa 100 alionse amene ankamwa mapiritsi. Amayi a ku Malawi ndiwo anapereka mikono yawo kuti dziko lonse lidziwe zimenezi, choncho n'koyenera kuti alongo awo akuchigwa kuno apindule nazo.

Ndikudziwa kuti ayankha kuti mankhwalawa ndi odula, ndipo n'zoona. Koma tiwerengerenso mtengo wa njira imene tikutsatira panopa, yodikira mpaka munthu afunike kuikidwa magazi. Paketi imodzi ya magazi imakweza Hb ndi 1 yekha basi. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limadalira kwambiri ana asukulu pa magazi amene limatolera, moti sukulu zikatsekera magazi amasowa, ndipo mpongozi wanga anadwala pa nthawi yotereyo. Tinasonkhanitsa achibale usiku, ena n'kubwezedwa chifukwa nawonso magazi awo anali ochepa, zimene sizodabwitsa m'dziko limene kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 33 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 ali ndi vutoli. Paketi imene inamupulumutsa ikanatha kusungidwira mayi wotaya magazi pobereka kapena mwana wa malungo aakulu. Kumudzi, pamene tinkadikira, achibale ankatiphikira masamba a mapeyala ndi madzi a chidede poganiza kuti chofiira chilichonse chimawonjezera magazi. Ngakhale sangowa, bonongwe, nyemba, matemba ndi chiwindi, zimene ndi zakudya zabwino zotetezera vutoli, sizingakweze msanga magazi a munthu amene wafika pokomoka.

Pempho langa kwa Unduna wa Zaumoyo ndi kwa akuluakulu a zaumoyo m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje ndi lakuti zipangizo zoyezera Hb zisamasowe m'zipatala zing'onozing'ono, kuti aliyense wopatsidwa mapiritsi aziyezedwanso pakatha mwezi ndipo nambala izilembedwa m'buku lake, komanso kuti amene magazi ake sanakwere aziyezedwa malungo, mkodzo ndi chimbudzi asanapatsidwe mapiritsi ena. Ndikupemphanso undunawu utiyankhe kudzera m'nyuzipepala yomwe ino kuti ndi zipatala ziti za boma zimene zili ndi ayironi wa m'diripi pakali pano, ndiponso kuti mayi wa ku Ngabu, ku Bangula kapena ku Marka amene mapiritsi amukanika atsate njira yanji kuti amupeze popanda kukwera mtunda wa Thabwa kupita ku Blantyre. Mpongozi wanga ndi mwana wake ali moyo, koma mng'ono wake wayamba sikelo mwezi uno, ndipo wabwerako ndi mapiritsi omwe aja.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma,
Ngabu, Chikwawa